Anthu aiwala dzina langa, akungonditchula la m'sewero

Gulu: Azisudzo a Dedza ndi Ntcheu

Mavu wa ku Bembeke:
Moni nonse akuluakulu ndi anzanga. Pepani ndilemba zazitali, ndaona kuti pano ndi pomwe pali anthu oti angandimvetse. Ambiri mukudziwa kuti ndili mu series ija ya pa YouTube timajambula ku Lilongwe, ndimasewera ngati Ankolo Chikwanje uja analanda nyumba ndi malata a ana amasiye. Zikuyenda sindinama, ma views akukwera, mabungwe ayamba kutiitana, lendi ndikulipira popanda kukongola. Koma mumtimamu simuli bwino. Loweruka pochokera ku Ntcheu ndinatsika pa Lizulu kuti ndigule kabichi ndi mbatatesi, mayi wina ogulitsa anangondiyang'ana kenako nkukoka chitenje kuvundikira dengu lawo, amvekere "inu ndiye ayi, mukayambe mwabweza malata a ana aja". Anzawo anaseka, inenso ndinaseka, koma mayi aja sanaseke olo pang'ono. Kumudzi nako ana akandiona akuthawa, pamaliro wolengeza chipepeso anaitana kuti "a Chikwanje apereka" pomwe ine ndinalembetsa dzina langa lenileni. Chomwe chikundiopsa kwambiri nchakuti mayi akunyumba akuti ndasintha, akuti mawu omwe ndikukalipira mwana ndi a Chikwanje osati anga. Tulo sindikugona pokhapokha ndilaweko kaye. Alipo wina zinamuchitikirapo? Munatani?

Dolo wa pa Chimbiya:
Aise Mavu ukudandaula chani kwenikweni? Anthu tikulira mtengo wa feteleza kuno iwe ukulira kuti watchuka? Mayi wa pa Lizuluyo wakuuza kuti ntchito ukuitha basi. Akanapanda kukuzindikira ukanabweranso pano kumati anthu sationa. Limba mtima ndiwe mwamuna, dya ndalama.

Nangozo:
A Dolo mawu oti limba mtima ndiwe mwamunawo ndi omwe akutimalizira azibambo m'midzimu. Munthu wanena kuti sakugona, akumwa kuti agone, inu mwangowerenga za ndalama zokha. Achimwene a Mavu ine ndikukumvetsani kwambiri. Ine ndinayamba ndi masewero a pa wailesi ndipo kumeneko kunalibe vuto chifukwa anthu amangomva mawu, mavuto anayamba nditaoneka pa vidiyo ndili mkazi wa munthu wina, tinangogwirana manja pakhonde basi palibenso china, koma apongozi anga kwa Kampepuza anaionera pa foni ya mdzukulu wawo ndipo anasiya kundiyankha moni kwa nthawi ndithu. Bambo akunyumba akapita ku bawo anzawo amawanena kuti akazi anu tawaona ali ndi amuna ena. Iwo samandiuza, ndinadzamva kwa mlamu wanga. Ndinafika pomadzifunsa ndikamapita ku rihesalo kuti kodi ine ndine ndani, mayi wa ana atatu wa kutchalitchi kapena mkazi uja anthu akumuonera pa foni. Nde musamve ngati ndinu nokha ayi.

Admin Kondwani:
Nkhani iyi ndi yofunika, tiyeni tiyankhule mwaulemu ndipo zisatuluke mugulu muno. Wotenga screenshot timuchotsa.

Sir Phiri (Mayani):
Mavu mwana wanga, ndakondwa kuti walankhula. Ndinaphunzitsa drama kusekondale zaka zambiri, tikupita ndi ana ku mipikisano ya ATEM, ija ya masewero a Chingerezi a m'masukulu, ndiye vuto la dzinali ndaliona kuyambira kale. Malawi muno wosewera wabwino aliyense amamezedwa ndi dzina la m'sewero. Funsa anthu pa depoti ya Dedza kuti John Nyanga ndi Eric Mabedi anali ndani, ena aziganizira kaye, koma ukati Izeki ndi Jakobo aliyense aseka usanamalize. A Nyanga anatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021, ndipo anthu ambiri polira amati Izeki wapita, Jakobo wapita. A Michael Usi analumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024 koma m'maminibasi anthu ankangoti Manganya. Sindikulowa ndale a Admin, ndikungopereka chitsanzo cha mphamvu ya dzina. Kusiyana kwake nkwakuti maina enawo anthu amawatchula akumwetulira, lako akulitchula ndi mkwiyo, ndiye katundu wako ngolemera kuposa. Koma za pamsika ndi za pamaliro sizikundidetsa nkhawa kwambiri, zimenezo zimatha series ikatha. Chikundidetsa nkhawa ndi zomwe anena mayi akunyumba. Ndikufunse, ndipo ngati sungathe kuyankha pagulu undiimbire: ukamakalipira ana amasiye aja pa kamera, mkwiyo umenewo umautenga kuti?

Yami ku Joni:
Funso limenelo Sir. Nane ndikamaonera ndimaona kuti mfanayu sakusewera, maso amachita kufiira.

Mavu wa ku Bembeke:
Sir ndiyankha pompano, mwina zithandiza wina. Bambo anga atamwalira ndinali Sitandade 6. Titangochoka kumanda, masiku a pasiwa asanathe nkomwe, kunabwera achimwene awo ndi ngolo ya ng'ombe. Anatenga njinga, wailesi, makina osokera omwe mayi ankatidyetsera, mpaka mpando womwe bambo ankakhalira. Ndimakumbukira mmene anaimira pakhomo, dzanja limodzi m'chiuno lina akuloza ndi chipewa, akuti "zonsezi ndi thukuta la kwathu". Mayi anangokhala pamphasa osayankha. Atandipatsa part ya Chikwanje dayirekita anati tipange munthu oti anthu amude zenizeni, ine sindinavutike, ndinangowatenga iwo aja. Kaimidwe, kalozedwe ka chipewa, ngakhale kutsokomola asanalankhule, zonse ndi zawo. Nde tikamajambula scene imodzi timaibwereza kambirimbiri, pena kamera yasuntha pena galu wauwa pena ndege yadutsa, ndipo ulendo uliwonse ndimabwerera pakhomo paja. Ana omwe amasewera ngati amasiyewo akayamba kulira ndimadziona ndekha. Akati cut anzanga amapita kukadya, ine manja amakhala akunjenjemera. Ndikukwera minibasi ya ku Dedza ndili choncho, ndikufika kunyumba ndili choncho.

Nangozo:
Mayo ine. Pepani achimwene. Nde mwakhala mukusenza zimenezi nokha nthawi yonseyi.

Dolo wa pa Chimbiya:
Izi sindimazidziwa aise. Pepa.

Sir Phiri (Mayani):
Ndimaganiza choncho. Zomwe ukuchitazo zili ndi mbiri yake, sunayambe ndiwe. Kunali mphunzitsi wa zisudzo wa ku Russia dzina lake Konstantin Stanislavski, yemwe ndi mnzake anayambitsa Moscow Art Theatre mu 1898. Iyeyu poyamba ankaphunzitsa kuti wosewera afufuze m'moyo wake, apeze tsiku lomwe anamvapo chisoni kapena mkwiyo wofanana ndi wa m'seweromo, nkuugwiritsa ntchito. Njirayi imatulutsa sewero lamphamvu, nchifukwa chake mayi a pa Lizulu anavundikira dengu. Koma mwini wakeyo atakula anayamba kutsamira kwina, ankati yamba ndi zomwe thupi likuchita ndi zomwe munthu wa m'seweroyo akufuna pa nthawiyo, mtima utsatira wokha. Ndiye tamvera. Chikwanje wamumanga kale, thupi lako likumudziwa, kaimidwe ndi kutsokomola zija zilipo, sukufunikanso kubwerera pakhomo la mayi ako take iliyonse. Ukamalowa mu scene uziganiza zomwe Chikwanje akufuna: akufuna malata akagulitse chifukwa ali ndi ngongole ya katapila, akuopa kuti abale amuona wolephera, akudziuza kuti akulondola. Zimenezo ndi nkhani za Chikwanje, si zako. Poyamba uziona ngati sewero lazizira koma oonera sadzazindikira, ndipo mwina lidzakoma kuposa chifukwa munthu oipa weniweni sadziona kuti ngoipa, iwe pano ukumusewera ukumuda ndiye ukumenyana naye mkati.

Chachiwiri, ife aphunzitsi tinkaphunzitsa ana kulowa mu part koma kutulukamo ayi, ndipo m'magulu ambiri mpaka lero palibe amene amazitchula. Ana anga a drama ndinadzayamba kuwachita chonchi: sewero likatha palibe kuthamangira basi, aliyense avule zovala za m'sewero azipinde yekha aziike m'chikwama, asambe kumaso ndi madzi ozizira, kenako tiime bwalo aliyense atchule dzina lake, la mfunda wake ndi mudzi wochokera mokweza, tidumphedumphe tigwedeze manja, tiimbe nyimbo imodzi yopanda nkhani ndi seweroli. Zimaoneka zachibwana koma mtsikana wina yemwe ankasewera mayi ofedwa mwana anasiya kulota zoopsa titayamba zimenezi. Chipewa cha Chikwanje chisamapite kunyumba kwako, chizigona komwe mumajambulirako.

Mavu wa ku Bembeke:
Chipewacho ndi changa Sir, ndi jekete yomwe. Kostyumu timabweretsa tokha. Pano chili pa msomali kuchipinda.

Nangozo:
Chichoke lero lomwe achimwene. Mayi akunyumba akugona moyang'anizana ndi chipewa cha munthu amene akuwazunzira mwamuna.

Anaphiri a ku Mua:
Ine ndimati ndingowerenga koma zandikhudza. Makolo athu nkhani imeneyi anaiganizira kalekale. Taonani gule, chilombo chimabwera pabwalo kudzadzudzula mbava, chidakwa, mkamwini waulesi, chimachita zoopsa ana nkumathawa, koma mawa lake palibe amene amalozedwa chala pamsika kuti ndi uyu anachita zija. Chilombo chabwerera kwawo, nkhani yathera pabwalo. Ku Kungoni kuno, malo a zachikhalidwe a pa Mua omwe anayambitsa Bambo Boucher mu 1976, alendo amabwera kudzaona zimenezi, UNESCO nayo inauvomereza gule mu 2005, koma ife eni ake a zisudzo za masiku ano tikuonetsa nkhope yathu yeniyeni pa foni ya aliyense popanda chotitchinga chilichonse.

Chatsalira wa ku Linthipe:
Anaphiri mwalankhula zanzeru koma imani pomwepo, za kudambwe saulula. Pagulu pano pali ana ndi ena osavinidwa.

Anaphiri a ku Mua:
Ndamva bambo, sindipitirira apo. Mfundo yanga inali yoti munthu amafunika malire pakati pa iye ndi chomwe akuonetsa pabwalo.

Chisomo Namwino:
Achimwene a Mavu ine ndilankhula ngati wachipatala. Zomwe anena a Sir zichiteni, koma pali mbali ina yomwe njira za drama sizingathe. Inu simunalire bwino maliro a bambo anu, tsiku lolira linasanduka tsiku lolandidwa, ndipo munali mwana. Kunjenjemera, kusowa tulo, kupsa mtima msanga kunyumba, kumangoona chithunzi chomwecho m'mutu, izi ndi zizindikiro zoti bala la m'maganizo latsegukanso, si ufiti si kufooka ayi. Za mowazo ndikuchondererani. Mowa umagonetsa msanga inde koma umaononga tulo ta pakati pa usiku, munthu umadzidzimuka cha m'ma 2 koloko mtima ukugunda, mawa lake nkhawa yachuluka kuposa dzulo, nde umaonjezera botolo, pakutha pa chaka wapezeka ndi mavuto awiri m'malo mwa limodzi. Pitani pachipatala cha boma mukafunse anamwino oona za maganizo, anthu amaganiza kuti ukatero ndiye kuti akutumiza ku Zomba koma ayi, ambiri amangofunika ocheza nawo amene anaphunzira ntchitoyo. Poti mumakhala muli ku Lilongwe pafupipafupi, a St John of God nawo aliko ndipo amapereka uphungu. Ndipo ndikufunsani poyera chifukwa ife tinaphunzitsidwa kufunsa, kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu: munayamba mwaganizapo zodzivulaza kapena zoti bola kufa? Ngati eya musadikire Lolemba, uzani munthu lero. Robin Williams ankaseketsa dziko lonse lapansi koma anadzipha mu 2014 ali ndi zaka 63, kutchuka sikuteteza munthu.

Mavu wa ku Bembeke:
Zikomo asisi pofunsa. Ayi zimenezo sizinandifikire. Koma zodzuka 2 koloko mtima ukugunda mwachita ngati mumakhala nane.

Yami ku Joni:
Ine maganizo anga ndi osiyana ndi a Sir. Mavu siya part imeneyo basi. Uwauze alembe kuti Chikwanje wagundidwa ndi galimoto kapena wathawira ku Mozambique, malire ali pompo pa Biriwiri. Moyo wako ndi banja lako nzofunika kuposa series. Komanso tinene zoona, akukulipira zingati? Ine ndinasiya drama nkubwera kuno chifukwa cha zomwezi, tinkazungulira Golomoti, Sharpevale, Bilira, kuchita masewero a mabungwe a za edzi ndi za maukwati a ana, anthu kudzaza bwalo la mpira kutiombera m'manja, pamapeto alawansi yake yongokwana thiransipoti ndi fanta. Kumudzi amvekere wa pa TV uja wabwera, aliyense akufuna umugulire shuga, fizi ya mwana wa achemwali ndi iwe, bokosi la maliro ndi iwe, iwe m'thumba mulibe kanthu ndipo sunganene chifukwa palibe angakhulupirire. Umayamba kukongola kuti ufanane ndi munthu yemwe anthu akumuganizira. Chimenecho chinandidwalitsa ine kuposa part iliyonse.

Dolo wa pa Chimbiya:
Apa ndiye Yami wanena zomwe ndimafuna kunena poyamba paja koma ndinazinena moipa. Ngati munthu ukupereka mtima wako wonse chonchi ndalama yake ioneke. Mavu unasainira pepala lililonse? Ma views akakwera iwe umapezapo chani?

Mavu wa ku Bembeke:
Pepala palibe, timagwirizana pakamwa, amatilipira pa episode. Za ma views sitidziwa, channel ndi ya eni ake. Maina athu enieni salembanso kumapeto, amangolemba a m'sewero.

Admin Kondwani:
Apo pokha pakonzedwe. Dzina lako lenileni lizilembedwa pa episode iliyonse, imeneyo si nkhani yopempha mogwada. Ndipo kontirakiti ilembedwe olo ya tsamba limodzi: ndalama zingati, zilipidwa liti, vidiyo akaigulitsa ku TV kapena bungwe likaigula inu mupezapo chani, nkhope yako angaiike pa malonda a sopo osakufunsa kapena ayi. Lamulo la Copyright la 2016 limatchulanso osewera, si la oimba okha, ndipo a COSOMA, bungwe loona za lamuloli, alipo mukhoza kukafunsa. Mukapite ngati gulu lonse la osewera osati wekha, wekha angokuchotsa nkuika wina.

Mayi a Tadala (Nsipe):
Pepani ndilowerere, ine si wa zisudzo kwenikweni ndinalowa muno chifukwa cha kwaya ndi masewero a kutchalitchi. A Yami mukuti asiye, ine ndikuti asasiye, ndipo ndinena chifukwa chake. Amuna anga anamwalira chaka chatha. Alamu anga anayamba kale kuyendayenda pakhomo kufunsa za ng'ombe ndi za njinga yamoto ya kabaza. Tsiku lina madzulo ana anaika series imeneyi pa foni tili pakhonde tonse, alamuwo ali pompo akudya chimanga chootcha, inafika scene ija Chikwanje akukwera pamwamba pa nyumba kukazula malata mvula ikuwaza kamtsikana kakugwira mwendo wa makwerero. Palibe analankhula. Mwana wanga wamng'ono anangoti "amenewa ndi oipa eti amalume". Alamu anaika chitsononkho pansi nkutsanzika. Sindikunena kuti sewero lokha ndi lomwe linawabweza, amfumu nawo analankhulapo ndipo anatikumbutsa kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda ndi mlandu, koma manyazi anayambira pakhonde paja. Achimwene a Mavu simundidziwa koma ng'ombe zija zilipo m'khola. Mudzisamalire, mupite kuchipatala monga anena anamwino, koma musaganize kuti ululu wanuwo ukungopita pachabe.

Mavu wa ku Bembeke:
Mayi ndawerenga kawiri. Sindikudziwa choyankha. Zikomo.

Yami ku Joni:
Mayi ndakumvani ndipo ndakondwa kuti ng'ombe zilipo. Koma ndikuopa kuti tsopano timusenzetsa mfanayu katundu wina, kuti apitirize kuvutika chifukwa akuthandiza amasiye. Amene wapulumutsa ng'ombe zanu nayenso ali ndi mwana kunyumba amene akuopa bambo ake. Ine ndikadali pomwepo, zikapanda kusintha asiye.

Sir Phiri (Mayani):
Yami sukulakwa, ndipo sindikuti akakamire zivute zitani. Ndikuti ayese kaye kusintha kaseweredwe ndi kupeza thandizo, chifukwa akangothawa lero bala lija apita nalo, adzalipezanso mu part ina kapena pa maliro ena. Akayesa miyezi ingapo nkuona kuti kunyumba sikukusintha, ine ndidzakhala woyamba kumuuza kuti siya. Komanso Mavu upemphe part ina yosiyana, olo mu kasewero kakafupi, usewere mphunzitsi wachifundo kapena bambo woseketsa. Nzabwino pa ntchito yako kuti asakuzolowere ngati munthu oipa yekhayekha, nzabwinonso pa mtima wako.

Tiya Form 4:
Pepani akuluakulu ine ndine mwana muno koma ndawerenga zonse ndipo ndachita mantha. Ine ndimafuna kudzakhala actress ndikamaliza MSCE, kusukulu ndine wapampando wa drama club, koma mayi amati atsikana a zisudzo sakwatiwa ndipo amathera m'mabala. Nde ndikawerenga za anti Nangozo ndi za ankolo a Mavu ndikuona ngati mwina mayi akunena zoona. Ndisiye?

Nangozo:
Tiya mwana wanga usasiye, koma ulowe maso ali otsegula. Ine banja langa lilipo mpaka lero, chomwe chinatipulumutsa nchakuti ndinasiya kubisa. Script ikabwera ndimakhala pansi ndi bambo akunyumba kuwawerengera, pomwe pali zogwiranagwirana timakambirana, zina ndimakana ndipo dayirekita amadziwa kuti Nangozo izi sapanga. Tsiku lina ndinawatenga kukaonera tikujambula, anaona okha kuti pamalopo pali anthu khumi ndi angapo, wina wanyamula maiki pa ndodo, wina akukuwa kuti bwerezani, dzuwa likuswa mtengo, palibe zachikondi zilizonse pamenepo ndi ntchito basi. Pobwerera anandigulira chips okha. Apongozi ndinawatumizira ankhoswe kukawafotokozera mwaulemu, pano ndi iwo amaitana anzawo kuti bwerani mudzaone mpongozi wanga. Mayi ako uwauze za Gertrude Kamkwatira, mzimayi amene anatsogolera gulu la zisudzo la Wakhumbata mwini wake Du Chisiza Jr atamwalira mu 1999 kenako nkuyambitsa gulu lakelake la Wanna-Do, ankalemba yekha masewero mpaka pomwe anatisiya mu 2006. Uwauzenso za Joyce Mhango Chavula amene anakalandira mphoto ya mafilimu ya Africa Magic ku Lagos mu 2016. Koma ndikuuzenso zomwe mayi ako akuopa chifukwa zilipo: alipo amuna ena mu ntchitoyi amene amati part ndikupatsa koma tikumane ku lodge. Ameneyo ukangomumva thawa ndipo uuze munthu wamkulu, part yake ikhale. Ku audition usapite wekha. Ndipo sukulu umalize, upeze ndi ntchito ina ya manja, ine ndimasoka, mwezi ukakhala opanda kujambula makina ndi omwe amagula ufa, komanso ndikakhala pa makinapo makasitomala amanditchula dzina langa, amadandaula za zipi ndi za mpendero, palibe za sewero.

Tiya Form 4:
Zikomo anti. Ndiwawerengera mayi zimenezi madzulo.

Chatsalira wa ku Linthipe:
Ndionjezere pa za Mavu. Mwana wanga, mayi ako alipo? Ngati alipo upite ukakhale nawo pansi muikambe nkhani ya ngolo ija, mwina chichitikireni simunaikambepo. Iwo akuonera series imeneyi akuzindikira kaimidwe ka alamu awo, ukuganiza kuti akumva bwanji? Mwinanso akudikira kuti uyambe ndiwe.

Mavu wa ku Bembeke:
Alipo bambo, ali ku Bembeke konkuno. Anaonera episode yoyamba yokha kenako anati maso amawawawa akayang'ana foni. Ine ndinakhulupirira kuti ndi maso. Ndipita mawa tikaweruka kutchalitchi.

Chisomo Namwino:
Mupite ndi mayi akunyumba ngati angalole, nawonso akufunika kumva komwe mawu aja akuchokera, panopa akungoona mwamuna wosintha osadziwa chifukwa. Ndipo mwanayo mumuuze m'mawu a msinkhu wake kuti adadi akamaoneka mu sewero pa foni amakhala akunamizira, ndi ntchito, ndipo akakukalipira mopyola si chifukwa choti iwe ndi oipa. Ana amadziimba mlandu msanga. Za kuchipatala ndakulemberani ku inbox masiku omwe anamwino ake amapezeka.

Dolo wa pa Chimbiya:
Aise ukamachokera ku Lilongwe uzitsika pa Chimbiya tizimwa tiyi kaye usanafike kunyumba, ndili pa shopu mpaka 7. Tiyi ndikunena, osati zinazo. Ufike kwa alamu utazizira.

Mavu wa ku Bembeke:
Ndizitsika aise. Chipewa ndi jekete ndaziika mu jumbo, zikagona kwa mnzathu wa kamera ku Area 25. Lolemba ndikaonana ndi anzanga osewera tikambe za pepala ndi za maina tisanakumane ndi eni channel, a Admin mundithandize kalembedwe kake. Sir njira ija yoganiza zomwe Chikwanje akufuna sindinaimvetse bwinobwino, pa kamera ndikachita bwanji kuti chithunzi cha pakhomo chisabwere chokha?

Sir Phiri (Mayani):
Chizibwerabe masiku oyamba, usalimbane nacho, ubweze maso pa chinthu chomwe chili patsogolo pako, msomali womwe ukuzula, kulemera kwa lata, mawu a mnzako amene akukuyankha. Koma izi sizophunzitsana pa foni. A Admin tipezereni kalasi kapena holo pa Dedza boma Loweruka likubweralo masana, ndibwera ndi scene ziwiri tiyese tonse kulowa ndi kutuluka. A ku Ntcheu amene mungakwanitse thiransipoti bwerani, Nangozo ukhalepo uthandize mbali ya atsikana.

Admin Kondwani:
Ndifunsa malo mawa ndikuuzani pofika Lachitatu. Amene mubwere lembani maina pansipa kuti tidziwe mipando.

Tiya Form 4:
Ife a sukulu tingabwere nawo? Tilipo anayi a drama club.

Sir Phiri (Mayani):
Bwerani, koma makolo adziwe ndipo mubwere ndi patron wanu. Muvale zoti mutha kukhala nazo pansi.